Nkhuku ya Miyendo Yakumanzere Yokhayokha

Mukafika kuseri kwa depoti ya mabasi n'kufunsa wosoka nsapato, aliyense adzakulozerani kwa a Manzere. Mudzawapeza pakhonde la sitolo ya zitsulo, ali pa kampando kafupi, chinsalu chothimbirira pa maondo, timisomali tili ndandanda pamilomo. Mukaima pang'ono mudzaona chodabwitsa. Nyundo amagwira ndi dzanja lamanja, singano lamanja, ngakhale kapu ya tiyi amanyamula ndi lamanja. Nanga umanzerewo uli pati? Eni akewo musawafunse. Amangoweramira pa nsapato n'kuyamba kukhoma msomali umene wakhomedwa kale.

Dzina lawo lakale linali a Peyala, ndipo ankalikonda kuposa la makolo. Analipata chifukwa cha diso lodziwa kuphatikiza nsapato ndi inzake kuti zikhale peyala. Munthu ankatha kubwera ndi thumba la nsapato za banja lonse n'kukhuthulira pansi, iwo osadzuka pa kampando, kumangoponya: iyi ndi iyi, iyo ndi iyo. Ankati, "Ine mundidzutse kutulo, mundigwiritse nsapato mumdima, ndikuuzani kuti ndi yakumanzere, ndiponso kuti mwini wake amakoka phazi poyenda." Sikunali kunama. Manja a munthuyu analibe mlandu ndi aliyense. Chovuta chinali pamene amasungira timisomali paja. Amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, koma a Peyala, odziwa za mapazi kuposa tonsefe, ankasiya mlomo ndi m'nyumba mwawo momwe.

Akazi awo ndi telala. Ali ndi makina awo m'kashopu kamene amachita lendi ndi anzawo, ndipo ndi munthu wosachuluka mawu, mwina chifukwa tsiku lonse amakhala ataluma mapini. Ana ndi awiri, atsikana okhaokha, chisamba ndi mzime.

Loweruka banja lonse linkapita kukagula zapakhomo ku sitolo yaikulu ija ya tingolo tokankha. Ndati banja lonse, koma a Peyala ankathera pakhomo. Mayi ndi ana akalowa, iwo ankaima pafupi ndi mlonda, manja kumbuyo, kumayang'ana mapazi a olowa ndi otuluka ngati dokotala pa mzere wa odwala. "Chidendene icho sichiona mwezi wamawa, achimwene." Mayi akatuluka ndi majumbo, iwo ankasankha lopepuka, la buledi ndi mapepala a kuchimbudzi, n'kutsogola. Akakumana ndi mnzawo panjira ankati, "Tikuchokera kogula." Koma mchere umakhala shelefu iti, sankadziwa, ndipo sizinkawasowetsa tulo.

Tsono sukulu zikatsala pang'ono kutsegulidwa, telala sakhalanso munthu. Makolo onse amazindikira tsiku limodzi kuti ana akula ndipo yunifolomu yafupika. Chaka china, m'masabata oterowo, kunyumba kunabwera mlendo: akulu awo a mayi, mlamu wa a Peyala, mayi wogulitsa makatani amene akaseka agalu a kwa aneba amayankha. Mayi anafika kunja kukuda, ulusi uli m'tsitsi, m'manja muli jumbo lofunda. Anaphika mpunga msangamsanga, n'kuika m'mbale nkhuku yowotcheratu ya ku sitolo kuja.

A Peyala ananunkhiza, n'kutsamira kumpando.

"Alamu, takulandirani ku chakudya cha alesi," anatero. "Nkhukuyi yaphikidwa ndi munthu amene sitikumudziwa ngakhale nkhope. Kaya anasamba m'manja, kaya ali ndi chimfine."

"Ndachedwa kuntchito, bambo," anatero mayi chapansipansi.

"Kuphika n'chiyani kodi? Moto, poto, mchere. Basi."

Alamu anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya mpango. Mawu aja anawatenga n'kukawagawira abale onse, moti paliponse pamene abale akumana, panali wina wofunsa mayi kuti alesi aphika chiyani lero. Madzulo amenewo mayi anadya mpunga wokha, ndipo nkhuku ya ku sitolo sanaigulenso. Miyendo yonse iwiri, kuti mbiri ikhale yoona, anadya ndi a Peyala.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chaka chotsatira mayi anapeza oda ya sukulu yathunthu, madiresi, malaya ndi akabudula, nsalu zitaunjikana mpaka kutseka windo la kashopu.

"Bambo, masabata ano khitchini sindiikwanitsa," anatero m'mawa wina akumanga chikwama. "Kogula mupita ndinu, madzulo muphika ndinu."

"Ine?"

"Paja munati moto, poto, mchere. Zonsezo zilimo m'nyumba muno."

Pothawira panalibe. Tsiku loyamba anaphika mpunga wosanjikizana ngati nyumba za m'tauni: pansi makala, pakati phala, pamwamba mchenga. Lachiwiri anayesa supageti, ndipo anatuluka m'poto atagwirana onse pamodzi ngati zingwe za nsapato zogwera m'chitini cha guluu. Ana sanadandaule. Chisamba anangodzuka mwaulemu n'kukatenga buledi, mzime n'kumutsatira ndi majarini. Mayi anadya zimene anapatsidwa, namwa madzi ambiri, n'kunena kuti zikomo. Zikomo ameneyo anawawa kuposa chipongwe.

Tsiku lachitatu a Peyala anatseka msanga n'kulowa m'sitolo muja, nthawi yoyamba kupitirira pa mlonda. Kangolo kamene anatenga kanali kokokera mbali imodzi. Anazungulira pa sopo kangapo, anaima nthawi yaitali patsogolo pa mabotolo a mafuta osadziwa kuti ophikira ndi ati, kufunsa akuopa kuti wina awazindikira. Kenaka mphuno inawatsogolera. Kukona ya kumapeto, kuseri kwa galasi, nkhuku zinali kuzungulira pa zitsulo, zofiirira, mafuta ali dontho dontho. Kumbuyo kwake kunali mayi wa chipewa choyera atagwira chopanira.

A Peyala anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere.

"Imodzi," anatero ndi mawu a munthu wogula mankhwala a matenda ochititsa manyazi. "Si yanga. Ndikugulira mnzanga wodwala."

"Pepani," anatero mayiyo. "Achire msanga."

Nkhuku ija inalowa m'chikwama cha zida, pakati pa nyundo ndi masoli, ndipo inafika kunyumba ana asanabwere. Apa m'pamene luso la munthu linaonekera. Anaiika pa thileyi n'kuilowetsa mu uvuni wa kuka yawo yakale yamagetsi. Anapotokola timabatani tonse, kagetsi kofiira kanayaka, koma kutentha sanakumve. Anaganiza kuti pali kabatani kena kobisika, koma kufunsa kukanakhala kudziulula, ndipo nkhukuyo inali yofunda kale. Pamwamba anakazinga anyezi wambiri kuti fungo lifike mpaka kumsewu. Anawaza madzi pamphumi, thaulo paphewa. Kathumba konyezimira ka ku sitolo anakapinda n'kukalowetsa m'jombo imene mwini wake sanabwere kudzaitenga.

Onse atakhala patebulo, anatsegula uvuni, manja atakulunga nsalu, akupemerera zala, n'kubwera nayo nkhuku yathunthu ili chagada.

Mzime anaomba m'manja. Chisamba anayang'ana mayi ake. Mayi analawa, anatafuna pang'onopang'ono, n'kuwayang'ana amuna awo kwa kanthawi.

"Yakoma, bambo."

Kuyambira pamenepo nyumba inayamba kudya. A Peyala anaphunzira kuti nkhuku imodzi imayenda ulendo wautali: lero ndi mbatata zowiritsa, mawa zotsala zija kuzinyenyera mu supageti ndi tomato, mkuja mafupa kuwawiritsa ndi karoti n'kumwera buledi. Mpunga anaugonjetsa atawerenga kuseri kwa paketi, atatsekera chitseko. Anadziwa shelefu ya mchere. Anadziwa kuti mazira sagona pansi pa kabichi. Mayi wa chipewa choyera anafika powazolowera.

"Odwala aja akupeza bwanji?"

"Pang'onopang'ono."

"Koma kudya akudya bwino, eti?"

"Ndiye chokhacho chikutilimbitsa mtima."

Mungaganize kuti munthu anali pa mtendere. Ayi ndithu. Nkhuku imeneyo aliyense inkamutsikira bwino kupatula wophikayo. Miyendo, imene kale inali yawo popanda kufunsa, anayamba kuikankhira ku mbale ya mayi, ati mano akuvuta. Akaona mayi akufika, msana utapindika, zala zitatupa ndi singano, ankakumbukira jumbo lofunda lija ndi mawu amene analilandira nawo, n'kutembenukira kusinki kukatsuka poto wotsuka kale. Kangapo anatsegula pakamwa kuti anene. Koma pakamwa pamene pankatuluka chipongwe mosavuta, mawu awa ankakanirira ngati phazi lotupa mu nsapato yatsopano. Jombo ija inadzaza timatumba, anayamba inzake.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Madzulo ena mayi anati, "Achemwali abwera Lachisanu. Amva kwa ana za nkhuku yanu. Akuti sakhulupirira mpaka aione ndi maso, yathunthu, ikutuluka mu uvuni."

Lachisanu limenelo tsoka linabwera litavala nsapato za ukwati. Mtsikana wina anafika akulira, chidendene cha nsapato chathyoka, ukwati mawa. A Peyala sakanamubweza. Pomwe ankamaliza n'kuthamangira ku sitolo, zitsulo zija zinali kuzungulira zopanda kanthu.

"Zathunthu zatha, bambo," anatero mayi wa chipewa choyera. "Kwatsala zodula pakati."

"Ndipatseni matheka awiri. Msanga."

"Odwala achuluka?"

A Peyala sanawayang'ane n'komwe. Munthu amene moyo wake wonse sanalolepo nsapato kuchoka pakhonde pake osaiona inzake, anangolandira, kulipira, n'kuthamanga.

Anapeza alamu afika kale, ali pabalaza, mawu awo akumveka kuchokera pa geti. Analowera khomo la kuseri. Anaika anyezi pamoto, n'kukhuthulira matheka aja pa thileyi kuti awalumikize akhale nkhuku imodzi.

Sanalumikizike.

Diso lija linaona nthawi yomweyo. Onse awiri anali akumanzere. Akawagoneka moyang'ana kumodzi, ankangotsatana ngati masupuni m'dirowa. Akatembenuza limodzi kuti modulamo mukumane, inkatuluka nkhuku ya mwendo wina kutsogolo, wina kumbuyo, phiko kuno, phiko uko, nkhuku yopita ndi kubwerera nthawi imodzi. Dzanja linapita lokha ku chikwama cha zida n'kukhudza singano. Anadzigwira. Ngakhale atasoka bwanji, yakumanzere siisanduka yakumanja. Iwo eni ankauza makasitomala zimenezo tsiku ndi tsiku.

"Alamu, fungo lokhalo tadya kale," anafuula alamu ali pabalaza. "Tulukani nayo tiione."

Anaunjika anyezi ndi tomato pamsoko, anailowetsa mu uvuni n'kuitulutsanso, chitseko akuchimenyetsa kuti chimveke. Atatembenuka ndi thileyi, anapeza mayi ataima pakhomo la khitchini, chikwama chikadali paphewa.

Telala ndi telala. Munthu amene anasokapo mikono iwiri yakumanzere pa malaya amodzi ali wophunzira, saiwala maonekedwe ake. Mayi anayang'ana nkhuku, anayang'ana amuna awo. A Peyala anayang'ana pansi, pa nsapato za mayi, n'kuona kuti soli yakumanja yayamba kuseka, ndipo iwo sanaione masabata onsewa.

Mayi anaika chikwama pansi n'kutenga mpeni.

"Bweretsani ndiduliretu, alendo asavutike," anatero mokweza kuti amve a pabalaza. Mpeni unayenda ngati sizasi pa nsalu. Pofika patebulo, nkhuku inali nthulinthuli, anyezi pamwamba, palibe akanadziwa kuti inkalowera kuti.

"Aa, mwaidula? Ndimafuna ndiijambule," anatero alamu. Koma atalawa anatseka maso. "Alamu, ndagonja. Manja amenewa mukuwawononga ndi nsapato zonunkha. Mwathiramo chiyani?"

"Mchere," anatero a Peyala, mawu atauma.

"Moto, poto, mchere. Ndakumbukira." Alamu anatembenukira kwa mng'ono wawo, mwendo wa nkhuku uli m'manja. "Waona, iwe? Ichi ndiye chakudya. Osati zija unatidyetsa chaka chatha zija. Zinali za ndani paja? Za alesi." Anaseka mpaka tebulo kugwedera. "Uphunzire kwa amuna akowa. Anthu amalipira kuti aphunzire zoterezi, iwe mphunzitsi ukugona naye nyumba imodzi."

Mayi anamwetulira, maso ali m'mbale. "Ndiphunzira, achemwali."

A Peyala anaona chala cha mayi chokulungidwa pulasitala chikukankha mpunga uku ndi uku. Munthuyu anali atangowaveka kumene, iwo amene anamuvula pamaso pa mlendo yemweyu, pa tebulo lomweli. Akanangokhala chete, bwenzi mpaka lero ali a Peyala, katswiri wa nkhuku.

"Alamu," anatero, "taimani kaye kuluma. Kwezani mwendowo."

Alamu anaukweza, akudabwa.

"Mayi, kwezani wanuwo. Ikani pamodzi."

Mayi anapukusa mutu pang'ono, kuwaletsa. Iwo anatambasula dzanja, natenga mwendowo m'mbale ya mayi, n'kuugundanitsa ndi wa alamu.

"Mukuona chiyani?"

"Miyendo ya nkhuku," anatero alamu.

"Yonse ndi yakumanzere. Nkhuku yotere sinayendepo padziko lino. Ndi matheka a nkhuku ziwiri, ndagula ku sitolo, kukona ya kumapeto. Zonse zimene mwamva mbiri yake zinachokera komweko. Wophika ndi mayi wa chipewa choyera, ndipo m'manja amasamba, ndaona ndekha. Ine ndimangokazinga anyezi." Anadziloza pachifuwa. "Mlesi mumamufuna uja ndi uyu. Ndi wabodza yemwe."

Alamu anayang'ana mwendo uwu, anayang'ana uwo. Kenaka kuseka kunayamba pansi pamimba, kukwera, mpaka kuphulika, agalu a kwa aneba n'kuyankha.

"A Peyala! Wosoka nsapato wathunthu, kugula yakumanzere yokhayokha!" Anapukuta misozi. "Ayi, dzina lija bwezani. Kuyambira lero ndinu a Manzere."

Ana anali ataweramira m'mbale, mapewa akunjenjemera. A Peyala anawayang'ana, kenaka anayang'ana mayi. Panalibe amene ankaoneka wodabwa.

"Mumadziwa?"

Mayi anabweza mwendo wawo m'mbale. "Uvuni umenewo unafa mzime akukwawa, bambo. Chimayaka ndi kagetsi kokha. Ndinakuuzani kuti tiitane wokonza, munati mawa."

"Ndiye masabata onsewa, ine ndikupemerera zala..."

"Ana ndinawauza kuti woseka asowa chakudya."

"Bwanji osandiuza?"

"Kuti ndipindule chiyani? Ana amadya. Ine ndimafika n'kupeza chofunda patebulo, mbale zotsuka. Zaka zonsezi ndimafuna zomwezo." Analuma mwendo uja, natafuna. "Komanso anyezi mumakazinga bwino. Ameneyo ndi wanu, palibe angakulandeni."

A Peyala anafuna kunena pepani, koma alamu anali atayamba kale kuimba foni kwa abale, ndipo liwulo linatuluka laling'ono ngati kamsomali kogwera pansi. Mayi analimva. Anangowakankhira mbale ya nkhuku. Atatha kudya, a Peyala anatenga nsapato ya mayi ija n'kukakhala nayo pakhonde, ndipo anaisoka nthawi yaitali kuposa mmene soli imodzi imafunira.

Dzina linafika ku depoti iwo asanafike. Alamu ali ndi kasitomala amene mwamuna wake ndi kondakitala, ndipo kondakitala sasunga kanthu. Lolemba m'mawa, mwini sitolo ya zitsulo anabwera ndi nsapato zake, naziika pansi mwaulemu, n'kufunsa ngati angathe kuzilemba chizindikiro kuti zisasokonekere. A Manzere analandira. Akanatani? Mlomo anausiya okha, anaupeza okha.

Masiku ano Loweruka mlonda amaima yekha. A Manzere amalowa, ndipo kangolo amakankha ndi iwo, atayamba akatembenuza n'kuyang'ana mateyala ngati akuyang'ana zidendene. Mawu akuti alesi sanamvekenso pakamwa pawo, ngakhale ponena za mphaka. Ulendo woyamba kupita ndi mayi kukona ya kumapeto ija, ankatsalira m'mbuyo, koma anafika.

"Bambo aja," anatero mayi wa chipewa choyera. "Odwala ali bwanji?"

A Manzere anayang'ana denga.

"Ndine odwalawo," anatero mayi. "Ndachira. Tipatseni matheka awiri, lero ndatopa."

Mayiyo anapana theka loyamba n'kuliika m'kathumba. Atatambasula chopanira kuti atenge lachiwiri, chala chakuda ndi polishi chinagogoda pagalasi.

"Limenelo ayi," anatero a Manzere chapansipansi. "Linzakelo. Ilo lagona chakukhomalo."